Ndowa ya Ndere za Achimwene

Ndinanyamuka ku Mitundu Loweruka m'mawa, sikisi koloko itangokwana, nditasenza katundu amene munthu wanzeru zake sangasenze: ndowa yodzaza madzi a mchere, m'madzimo muli ndere. Unali mwezi wa Okutobala, chaka chachiwiri chilowereni boma la matipate, ndipo dzuwa linali litayamba kale kuopseza lisanakwere n'komwe.

Ndiyambe ndanena kuti ndine yani, mungandiyese wamisala. Masiku amenewo ndinkatsuka mabotolo mu labotale ya pamalo ena ofufuzira za ulimi, kufupi ndi Mitundu. Sukulu ndinalekezera Fomu 2, koma munthu ukatsuka mabotolo zaka zisanu ndi zinayi makutu ali tcheru, umatolako kanthu. Ntchito ya pamenepo inali yomeretsa mbewu ya chinangwa ndi nthochi yopanda matenda. Ankadula kansonga kochepa ngati njere ya mpiru n'kukabzala m'botolo, osati m'dothi ayi, koma m'phala lolimba loonekera ngati galasi. Phalalo tinkaphika ndi ufa woyera wotchedwa aga, wochokera kunja, wodula moti unkakhala wokiyidwa m'kabati ngati shuga wa mayi wopeza. Akuti ufa womwewo ndi umene achipatala amameretsapo tizilombo akafuna kudziwa chimene chikudwalitsa munthu. Ufawo amaupanga kuchokera ku ndere zofiira za m'madzi a mchere, zimene zimaoneka ngati timizu tofewa topiringizana.

Abwana athu, mayi amene tonse tinkangowatchula kuti a Dokotala, anabwera nazo ndere zamoyo kuchokera kugombe la ku Tanzania. Ankazisunga mu thanki yagalasi pofuna kuona ngati ufa uja ungamapangidwe konkuno. Kwa zaka ziwiri mlezi wake ndinali ine. Ndinkasakaniza madzi ake, kupukuta galasi, ndipo magetsi akazima ndinkavundula madziwo ndi mthiko kuti zipume. Kenako ndalama za othandiza zinatha, a Dokotala anapeza ntchito kunja, ndipo zinamveka kuti thanki ikhuthulidwa Lolemba.

Tsono ndere zimenezi panali munthu mmodzi amene ankazilota usana ndi usiku, achimwene anga a Lefani. Iwowa anali dalaivala wa malole opita ku Dar es Salaam, ndipo kumeneko anaona amayi akumangirira ndere pazingwe m'madzi osaya, pakatha mwezi ndi theka n'kukolola, kuyanika, kugulitsa. "Munda wopanda khasu, mlongo, wopanda feteleza," ankatero, maso akuwala. Atadwala ntchito inatha. Anagona miyezi iwiri kuchipatala cha Likuni ndi chifuwa chachikulu, ndipo anatulukako ali theka la munthu. Anabwerera kumudzi kwa akazi awo, kuseri kwa Nathenje, kumene anali mkamwini. Kwacha inali itagwa, feteleza anali wongoyang'ana m'sitolo n'kudutsa. Kumunsi kwa mudziwo kuli dambo la madzi owawa mchere, limene ng'ombe zimanyambita dothi lake koma anthu samwa madzi ake. M'dambo limenelo achimwene anakumba maiwe atatu ndi manja awo, uku akutsokomola. Ankafuna kusiyira ana awo anayi munda wosafuna feteleza. Ankadziwa kuti sakhalitsa. Tonse tinkadziwa, koma matenda aja masiku amenewo sitinkawatchula dzina.

Anali atanditumizira botolo la madzi a m'maiwemo kuti a Dokotala awayeze. Lachisanu poweruka, a Dokotala anandiitanira mu ofesi.

"Mayi Nabanda, nderezi tengani, kusiyana n'kuti ndizithire m'ngalande. Musaziike padzuwa, ndipo musayerekeze kuthiramo madzi a pamjigo. Kwa izo madzi abwino ndi poizoni." Kenako anatulutsa envulopu. "Koma madzi a achimwene anu ndawayeza kawiri. Mchere wake ndi wochepa, komanso si mtundu umene nderezi zimafuna. Sizitha milungu iwiri. Ndalemba zonse umu. Mukawapatse, asamathe mphamvu pachabe."

Choncho m'mawa uja ndinali ndi akatundu awiri. Wina anali pamutu, wina m'kachikwama kapakhwapa, ndipo wolemera anali wa m'kachikwamayo.

Pa siteji ya Mitundu ndinapeza kagalimoto ka matola kakudzaza. Linali tsiku la msika, anthu ambiri ankabwera, opita anali ochepa, ndiye tinadikira mpaka hafu pasiti seveni. Kondakitala, bambo wa chipewa chong'ambika pakati, anayang'ana ine, n'kuyang'ana ndowa.

"Amayi, ndowayo ndi munthu payekha. K8 inu, K4 iyo."

"Munthu wanji wopanda miyendo?"

"Ameneyo ndiye wovuta, sasunthira mnzake."

Ndinalipira. Ndowa ndinaiika pakona, kuseri kwa mutu wa galimoto kumene kunali kamthunzi, n'kukanikiza chivundikiro chake. Pambali panga panakhala aphunzitsi ena opuma ntchito, ovala jekete ngakhale kunkatentha choncho. Potsiriza anakwera bambo wina wonenepa wogula nyemba, amene atasowa pokhala anangoona ndowa yanga ngati mpando umene Mulungu wamukonzera. Ndisanatsegule pakamwa, anali atakhalapo kale.

"Bambo, mmenemo muli zamoyo."

"Zisadandaule, sindiluma."

Msewu wa Mitundu m'mawa ndi wa anthu a makala. Tinapyola amuna ambirimbiri ochokera ku Dzalanyama akukankha njinga zosenza matumba atatuatatu, nkhope zakuda bii, thukuta litalemba mizere m'masaya. Minda inali mbee, mizere yokonzeka koma m'nyumba mulibe chothira. Pagalimoto nkhani inali yomweyo ya feteleza. Wina amati boma lakale linali bwino, wina amati bola pano pakamwa ndi pathu. Aphunzitsi aja anangoti, "Pakamwa ndi pathu, inde, koma cholowetsapo n'chimene chasowa," anthu n'kuseka kuseka kosachokera mumtima.

Titadutsa phiri la Bunda, galimoto inagwa m'dzenje. Ndinangomva kuti thwa! Chivundikiro chinasweka pakati, wogula nyemba uja analowa theka m'ndowa, ndipo madzi anakhavukira pansi. Anadzuka buluku lili chonyowa, akutukwana dalaivala, msewu ndi boma lomwe. Ine sindinaseke. Ndinkayang'ana madzi anga akuyenderera pakati pa mapazi a anthu, madzi amene ndinawasakaniza ndekha ndi sikelo, amene sindikanawapeza pena paliponse kuchokera apo mpaka kunyanja ya mchere. Anatayika pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi.

Aphunzitsi anasuzumira m'ndowamo, magalasi ali pamphuno.

"Ndiwo zimenezi, mayi?"

"Ayi, ndi mbewu."

"Mbewu yobzala m'madzi a mchere?" Anapukusa mutu. "Matipate atibweretsera zambiri."

Ndinawafotokozera pang'ono za ufa uja ndi za maiwe a achimwene. Anamvetsera mwaulemu, kenako anafunsa funso limene sindinalifune: "Nanga odziwawo akuti zimera?" Ndinati tikaona konko, n'kuyang'ana kumbali.

Tinafika pamphambano, pamene msewu wa Mitundu ukumana ndi msewu waukulu wopita ku Dedza, nthawi ili ngati naini koloko. Apa ndiye pamafunika kutsika ndi kudikira galimoto yolowera kummwera. Ndinavula chitenje chapamwamba, n'kuchinyika m'ndowa momwemo, n'kuvundikira. Mthunzi umene ndinaupeza unali wa khonde la akalipentala. Ndinali nditakhala kale pamene ndinazindikira kuti sakhoma mipando. Mabokosi a maliro anali atawasanja kuyambira aakulu mpaka aang'ono, ndipo mmisiri mmodzi ankapala thabwa uku akuimba mluzu. Zaka zisanu m'mbuyomo pamalo amenewo ndinagulapo tebulo. Ndinadzipeza ndikuyeza ndi maso bokosi lina lalitali, lopyapyala, ndipo ndinadzida.

Ndinagula mbatata yootcha ya K1 kwa mayi wina amene anali ndi mbaula pamphepete pa msewu. Anali wachifundo, wa nkhani zambiri. Ataona ndowa yanga yaperewera, ananyamula chigubu chake.

"Ndikuonjezereni, asisi, madzi ndili nawo."

Ndinagwira dzanja lake mwamphamvu moti anadzidzimuka. Ndinapepesa, ndinayesa kufotokoza, koma anangobwerera kumbaula yake akung'ung'udza kuti anthu a masiku ano ukawachitira zabwino amakugwira ngati wakuba. Mbatata ija ndinangoidya theka.

Minibasi inabwera hafu pasiti teni. K6 mpaka pa Nathenje, ndipo ndowa sanalipiritse chifukwa ndinaiika pamiyendo ngati mwana. Njira yonse madzi ankandinyowetsa pang'onopang'ono. Ndinkatsegula chitenje pafupipafupi n'kusuzumira. Zinali zikadali zofiirira bwino, zoterera, zikugwedezeka ndi kuyenda kwa galimoto. Zaka ziwiri ndinazilera, ndipo ndikuvomera kuti ndinkazikonda, ngakhale ndi zinthu zopanda maso.

Pa Nathenje tinafika dzuwa lili paliwombo. Kuchokera apo kupita kumudzi kwa alamu anga ndi ulendo wa maola awiri wapansi. Mwayi unandigwera pachigayo, pamene ndinapeza ngolo ya ng'ombe ikubwerera chakomweko. Mwini wake, bambo wachikulire wa mano awiri, anakana ndalama. Anati ndowa ndiike pakati pa matumba a ufa kuti isagwe. Tinanyamuka, ng'ombe zikukoka mwaulesi, fumbi likutsatira. Kenako anafunsa kumene ndikupita, ndipo nditatchula mudzi anaseka.

"Kwa mkamwini wa maiwe uja! Mukamuone, mayi, n'zodabwitsa. Munthu mphepo ikumugwetsa, koma tsiku ndi tsiku ali m'dambo. Anthu akuti akudzikumbira manda atatu kuti adzasankhe."

"Ndi achimwene anga," ndinatero.

Tinaoloka kamtsinje kouma. Kenako anavula chipewa n'kuchiika pabondo. "Pepani, mayi. Pakamwa pa munthu wokalamba sipakhala chitseko." Patapita kanthawi anawonjeza, "Koma khama ali nalo. Ife athanzi sitingakumbe zimene wakumba." Sindinamusungire mangawa. Ananena zimene mudzi wonse unkanena, ndipo kalata ya m'chikwama mwanga inkanena zomwezo m'Chingerezi.

Ananditsitsa pamphambano ya tinjira, nthawi ili cha m'ma thu koloko. Apa ndi pamene ndinalakwitsa, ngakhale nthawiyo sindinadziwe. Ndinalibe nkhata, ndiye ndinachotsa chitenje chovundikira chija, n'kuchipinda, n'kusenzera. Ndinati kwatsala pang'ono, dzuwa silizipha mphindi makumi awiri. Ndowa inakhala yosavundikira, ndere zikuyandama pamwamba.

Nditangokwera kachitunda ndinaona nthambi zatsopano zitayalidwa panjira. Chakutsogolo bambo wina anali atatsika panjinga n'kumakankha, chipewa chili m'manja. Maliro. Njira yopita kwa achimwene imadutsa pakati penipeni pa mudzi umene munali malirowo, yolambalala palibe. Ndinkaganiza zongodutsa mwaulemu, koma pakati pa amayi okhala pabwalo ndinamva wina akuti, "Alamu!" Anali akazi a achimwene, a Nagama. Womwalirayo anali mwana wa azakhali awo, mtsikana amene anabwera kuchokera kutauni akudwala. Mlongo wake wa mkamwini sadutsa maliro a kuchikazi ngati sakuona. Ukatero umasiyira m'bale wako mlandu umene sadzautha.

Amene simunakhale kumudzi mvetsani izi. Pamaliro mayi aliyense amabwera ndi chake, wina nkhuni, wina ufa, ambiri madzi. Ndipo mayi akatunga madzi amathyola masamba n'kuika pamwamba kuti asamakhavukire poyenda. Tsono taganizani: mayi wachilendo walowa pamaliro, ndowa ili pamutu, pamwamba pa madzi pakuyandama zinthu ngati masamba. Mayi wina wamtali, amene pambuyo pake ndinamva kuti ndi a Naphiri, anathamanga kudzandilandira monga mwa mwambo.

"Tikulandireni, amayi, mwachita bwino. Madzi ndiye atithera."

"Ayi, amenewa si..."

Nthawi yomweyo m'nyumba ya siwa munabuka kulira, kunali kutafika abale ena ochokera kutali. Alamu anandigwira dzanja n'kundikokera mkati. Ndinangokwanitsa kunena kuti, "Muike pamthunzi," ndipo sindikudziwa ngati anamva. Munthu sungaime pakhomo pa siwa n'kuyamba kuphunzitsa anthu za ndere za ku Tanzania.

Ndinakhala m'nyumbamo mwina theka la ola. Munkatentha, amayi a mpingo ankaimba motsitsa. Ndinalira nawo, ndipo misozi inali yeniyeni ngakhale mtsikanayo sindinkamudziwa. Ndinkalirira maliro amene anali asanachitike. Kenako kunja kunamveka mawu a mwamuna, okwera kuposa mmene zimayenera pamaliro.

"Ndani wathira mchere mumgolo?"

Ndinatuluka chokwawa pakati pa miyendo ya anthu. Kuseri kwa nyumba kunali mgolo waukulu wa madzi akumwa, ndipo mmodzi wa adzukulu, amene anali atangobwera kokumba manda, ankalavula, kapu ili m'manja. Ndowa yanga inali pambali, yotembenuzidwa chadodolido, yopanda kanthu. Ndere zanga zinali padzala, pamwamba pa phulusa, padzuwa. Nkhuku ziwiri zinkapalasa, ndipo mbuzi inali itayamba kale kutafuna.

Anthu anasonkhana. Wina anatola kandere kamodzi ndi kamtengo, n'kukakweza kuti onse aone. Chinthu chofiira, choterera, chimene palibe anachionapo, chapezeka m'madzi a pamaliro. Ndinamva manong'onong'o akuyenda. "Mankhwala." "Wabwera nazo ndani?" "Mlongo wake wa mkamwini uja wa m'dambo." Alamu anayesa kufotokoza kuti ndi mbewu ya amuna awo, koma palibe ankamvetsera. Ndinaona kuti zikapitirira, achimwene adzafera m'mudzi umene ukuwayesa mfiti.

Ndinalanda kapu m'manja mwa mdzukulu uja, n'kutunga mumgolo, n'kumwa yonse anthu akuona. Ndinatunganso ina n'kumwa. Kenako ndinatola kandere padzala paja, kukapukuta pachitenje, n'kukatafuna.

"Ndi mchere chabe, abale anga. Kwawo kunyanja anthu amadya zimenezi. Ndalakwa ndine, sindinanene."

Bambo wina wachikulire anati, "Wamwa yekha, zatha. Amayi, tayani madziwo mutunge ena, tili ndi maliro pano." Anthu anabalalika. Ine ndinatsamira khoma. Nditacheuka padzala, ndere zotsala panalibe. Ndinkaganiza kuti mbuzi yamaliza, koma posakhalitsa ndinaona a Naphiri akuchokera kumjigo, atanyamula mbale ndi manja awiri. Anafika n'kugwada.

"Mutikhululukire, amayi. Ine ndimayesa masamba. Ndatola zonse zimene ndapeza, ndipo ndazitsuka bwinobwino pamjigo, phulusa lonse lachoka. Ndazisiya m'madzi abwino kuti zitsitsimuke."

Ndinayang'ana m'mbalemo. Zinali zodzaza manja awiri basi, zikuyandama m'madzi oyera mbee a pamjigo, nsonga zake zitayamba kale kutuwa. Mawu anadzaza m'kamwa mwanga, ena oti sindingawalembe pano. Koma akuluakulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza. Mayiyo anali atachita zonse zimene anamuphunzitsa amayi ake: kulandira mlendo, kutaya masamba, kutsuka chimene chagwa pansi. Ndinakhetsa madziwo, n'kunena kuti zikomo.

Alamu anatsala pamaliro. Ine ndinakulunga ndere m'chitenje chonyowa chija, kuziika m'ndowa, n'kutsika ndekha kudambo. Inali ngati folo koloko.

Ndinawapeza atakhala patayala lakale la lole m'mbali mwa dziwe loyamba. Ndinawazindikira ndi chipewa chokha. Miyezi itatu imene sindinawaone inali itawadya kwambiri, kolala ya malaya inkaoneka ngati ya munthu wina. Koma maiwe, abale, anali okongola. Anali atatu, m'mbali mosalala ngati mozira, ndipo m'dziwe lililonse munali zikhomo ndi zingwe zokokedwa mizeremizere. Zingwezo anazipota okha ndi ulusi wosomola m'matumba akale a feteleza. Pachingwe chilichonse anali atamangiratu timfundo tating'ono todikira mbewu. Sindinatiwerenge, koma tinali tambirimbiri.

"Nabanda! Ndinadziwa kuti ubwera lero. Ndakhala pano chiyambire m'mawa." Anayesa kudzuka, n'kulephera, n'kuseka. "Tabwera nayo ndione."

Ndinagwada n'kutambasula chitenje. Anayang'ana nthawi yaitali.

"Zonse ndi zimenezi?"

Ndinawafotokozera zonse, kuyambira wogula nyemba mpaka mbale ya a Naphiri. Ndinkayembekeza kuti akwiya kapena alira. Anangotola kandere kamodzi, kukanunkhiza, n'kutsinzina.

"Ndi zomwezo. Fungo la ku Dar lenileni." Anatsegula maso. "Anazitsuka ndi madzi a pamjigo? Aa, a Naphiri. Azipha ndi ulemu." Anatsokomola kwa kanthawi. "Komabe tiyeni timange. Mwina china chilimba mtima."

Ndinawagwira mkono n'kulowa nawo m'madzi ofika m'mawondo. Ankamanga okha, ine ndikuwapatsira. Ndere zonse zinathera pachingwe chimodzi, osafika n'kumapeto komwe. Zingwe zina zonse zinangokhala ndi timfundo take topanda kanthu. Titatuluka anakhalanso patayala paja, akupuma movutika, akuyang'ana chingwe chawocho ngati mlimi woyang'ana munda wa maekala khumi.

"Zikanafika zonse, mlongo, pofika Khirisimasi bwenzi maiwe onsewa ali psuu."

Kachikwama kanali pakhwapa panga, ndipo ndinkamva ngodya ya envulopu ikundibaya m'nthiti.

"Nanga botolo lija? A Dokotala anati chiyani za madzi anga?"

Njira yonse kuchokera ku Mitundu ndinali nditakonza mawu. Pamatola ndinawakonza, pakhonde la mabokosi ndinawakonzanso, pangolo ndinawasalaza. Ndinayang'ana zingwe zija, ndinayang'ana manja awo amene anali ndi matuza osapola.

"Anati ndi abwino, achimwene."

"Eya!" Anamenya tayala ndi chikhatho. "Ndinkadziwa ine. Ndinawalawa, ndi amodzimodzi ndi a kunyanja. Iwe ukanene kwa a Dokotala kuti akadzapitanso atibweretsere zina."

"Ndikanena."

Ndinagona konko, ndipo m'mawa mwake ndinabwerera njira yomweyo, wapansi mpaka pa Nathenje. Pamphambano ndinakumana ndi kagalimoto komwe kaja, kondakitala yemwe uja. Anasuzumira m'ndowa n'kunena kuti, "Lero mnzanuyu akwere ulere, ndaona watsitsa katundu." Ndinamupatsa K8 yake.

Ndere zinayera zonse pasanathe masiku anayi. Achimwene sanadabwe, ndipo sanataye mtima. Aliyense wobwera kudzawaona ankamuuza kuti madzi ndi abwino, a Dokotala anayeza, mbewu ndiyo inaonongekera pamaliro. Anapitiriza kupota zingwe ali chigonere. Anamwalira mu Disembala, patangopita sabata mvula yoyamba itagwa, maiwe atasefukira n'kudzaza achule.

Pa ulendo uja ndinaphunzira kuti bodza limene wanena chifukwa cha chifundo silikhala laulere, pali wina amene amalilipira, ndipo kawirikawiri si iwe. Ine ndinakwiyira a Naphiri ola limodzi lokha. Pambuyo pake, ndinene zoona, mumtima ndinkawathokoza, chifukwa anandipatsa pobisala. Ndere zikanafika zonse zamoyo, zikanafera m'madzi a achimwene iwo akuona, ndipo akanadziwa kuti mphamvu zawo zomaliza anazikwirira m'dambo pachabe.

Tsiku la maliro awo ndinafika m'mudzimo nditasenza thumba la ufa. Amene anathamanga kudzandilandira anali a Naphiri omwewo. Atatula thumbalo anagwada patsogolo panga, anthu akuona, misozi ili mbwembwembwe.

"Amayi, chichokereni inu sindigona. Bambo aja anavutika, ine n'kuwaphera munda ndi manja angawa. Ana awa adya chiyani? Mundikhululukire."

Kalata ija inali m'kachikwama komwe kaja, pakhwapa panga, yosatsegula. Alamu ndi ana anayi aja anali pomwepo, akumva. Ndinawagwira a Naphiri mapewa n'kuwadzutsa.

"Zinachitika, mayi, musadandaule," ndinatero. "Ndinakukhululukirani kalekale."

Anandithokoza.